Wa kwa Napier Sagona Masana

Iowa, 22 Malichi 2020

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Kentucky pamodzi ndi achemwali anga a Twila ndi mwana wanga Shelby. Ine kuno ndili bwino, kupatula zala zomwe zimadzuka zitauma, koma zimenezo n'za aliyense wodula nkhumba. Ndikulemba kalata chifukwa foni munaikana. Mumati mfuti za ku Vietnam ndi makina a mumgodi zinakutherani makutu, koma a Twila akuti munthu akatsegula botolo la mowa kukhitchini mumamva muli kukhonde.

Ndatumiza madola 300 kwa a Twila. Mugule gasi, yotsalayo ikhale ya matayala a pikapu, ndipo musagulenso matayala akale kwa mkulu uja wa kumtsinje. Botolo la mpweya lija adokotala sanakupatseni kuti muzipachikapo chipewa. Mapapo anu anadzaza fumbi la malasha, zimenezo si miseche.

Tsopano nkhani ya chinsalu. A Twila andiuza kuti mwakananso. Bambo, vuto n'chiyani? Pa tsiku lokumbukira asilikali, mwezi wa Meyi, mitengo yonse ya magetsi mumsewu waukulu wa kwathu ikhala ndi zinsalu za nkhope za asilikali athu. Ngakhale mwana wa aneba athu a Combs, amene nkhondo yake yonse anaimenyera m'khitchini ku Texas akusenda mbatata, nkhope yake ipachikidwa, pansi pake atalemba kuti ngwazi ya kwathu. Inu munapita kunkhondo yeniyeni. Munandiuza nokha kuti pobwera mu 1970 munavula yunifolomu m'chimbudzi cha pa depoti ya basi kuti anthu asakuyang'aneni moipa. Lero dziko lasintha maganizo, likufuna kukuthokozani, inu mukuti achotse zopusazo. Ndalama tisonkha ine ndi a Twila, chanu n'kupereka chithunzi basi. Bambo anu, agogo a Estill, ali ndi chikwangwani chamkuwa pakhoma la tchalitchi chifukwa anabwerera mumgodi woyaka kukatenga anzawo n'kufera momwemo, ndipo nkhani imeneyo mwatiuza mpaka tinailoweza ngati pemphero. Nanga chinsalu chimodzi chakulakwirani chiyani?

Kuno nakonso ungwazi watipeza. Matenda a korona awa atseketsa masukulu, mabala ndi matchalitchi, koma ife atiuza kuti fakitale singatseke chifukwa dziko likufuna nyama. Lolemba tinapeza chikwangwani pageti: NGWAZI ZIMAGWIRA NTCHITO MUNO. Yesenia, mayi wa ku Guatemala amene amaima kumanzere kwanga pamzere wodulira nyama, atawerenga anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, akuti aone ngati kukubwera ozimitsa moto. Sabata yapitayo tinali anthu onunkha magazi oti m'sitolo anzathu amatitalikira, lero ndife ngwazi. Masiki sanatipatse.

Kumanja kwanga kumaima a Merle Dykstra. Mukanagwirizana nawo kwambiri. Ndi mdala wa konkuno, salankhula, sadandaula, ndipo zaka makumi atatu pafakitale pano sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Ataona chikwangwanicho anangolavula pansi n'kunena kuti nthawi yawo ngwazi inkayamba yafa kaye.

Shelby wandilembera kuti sukulu isanatseke anawauza alembe za ngwazi yawo. Iye analemba za mnyamata wina wa pa foni amene amadzijambula akugawira osauka ndalama, chonsecho agogo ake ali pakhomo pomwepo. Mumuuze kuti ndakhumudwa, koma musamuuze mwaukali.

Ganizirani za chithunzi chija. Chomwe munavala chipewa ndicho chabwino.

Ndine mwana wanu,
Royce


Iowa, 5 Epulo 2020

Okondedwa bambo,

Kalata yanu ndalandira, mizere inayi yonse. Ndasangalala kumva kuti muli bwino, ngakhale a Twila akuti Lachitatu anakupezani padenga la a Combs mukukhoma malata, botolo la mpweya lili m'nyumba. Ine ndili bwino.

Mwati a Merle ndiye mwamuna weniweni ndipo ndiziwatsanzira. Mwatinso ndikumbukire dzina la banja lathu, wa kwa Napier sagona masana. Mawu amenewo ndinayamba kuwamva ndili ndi chikuku, sindinawaiwale, musadere nkhawa. Za chinsalu simunayankhe, ndipo ndaona kuti simunayankhe.

Mwamuna wanu weniweniyo tsopano watalika ngati nyumba. Kuofesi kuli mtsikana wina dzina lake Kendra, amene ntchito yake ndi kutisangalatsa. Anatigawira matisheti olembedwa kuti NGWAZI pachifuwa, ndi pitsa, chidutswa chimodzi aliyense. Kenako anaitana a Merle kuti awajambule, iwo n'kumaganiza kuti n'za chitupa cha pantchito. Lachisanu tikufika tinangoona nkhope yawo pachinsalu chachikulu pamwamba pa geti, atakwinya pamphumi monga mwa masiku onse, pansi pake atalemba kuti NGWAZI YATHU YA EPULO, ZAKA 30 OSAJOMBA. Anaima pamenepo akutukwana chapansipansi, makutu atafiira. Koma lero Lamlungu ndawaona akudutsa pagetipo pang'onopang'ono ndi akazi awo, mayi a Dot, galasi la pikapu atatsitsa, mayiwo akujambula ndi foni. Munthu ndi munthu, bambo. Zaka makumi atatu palibe anawauzapo zikomo.

Alengezanso kuti aliyense amene sajomba mwezi uno wonse alandira madola 500, akuti mphatso ya ngwazi. Anthu anaomba m'manja, nanenso ndinaomba, chifukwa ndinali nditawerengera kale denga la khonde lanu. Yesenia yekha sanaombe. Anandinong'oneza kuti, "Achimwene, munthu akayamba kukutchani ngwazi, gwirani m'thumba."

Ine zikundisokoneza mutu. Ndili mwana ngwazi tinkaiona pa kanema itakwera hatchi, munthu mmodzi wosalankhula, amene akathana ndi zigawenga ankachoka m'tauni osadikira zikomo, inu muli pampando wanu mukugwedeza mutu. Nsanja zija zitagwa ku New York ngwazi zinakhala ozimitsa moto, ndipo palibe anatsutsa. Kenako msilikali aliyense, ngakhale wosenda mbatata. Kenako mafilimu a Shelby, a anthu ouluka atavala zothina. Lero wafika ndi ine, Royce wodula mapewa a nkhumba. Ndikadziyang'ana pagalasi ndi tisheti ija ndimangoona munthu wa mimba yemwe uja.

Pamzere wathu pasowa anthu atatu. Akuti ali kutchuthi. Lamba wonyamula nyama sanamuchepetse liwiro, ndiye tangosunthirana pafupi kutseka mipata. Zina ndidzakuuzani tikadzaonana.

Nyemba zakwera mtengo kuno, ndipo pepala la m'chimbudzi anthu akumenyerana m'sitolo. Muuze a Twila agule ufa wa chigumu wochuluka usanathe. Padenga la a Combs musakwerenso, ali ndi mwana wamwamuna, ngwazi ya kwathu, akwere yekha.

Mwana wanu,
Royce


Iowa, 19 Epulo 2020

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndilipo. Ndalama ya mankhwala anu ili kwa a Twila, ndipo ndawauza kuti m'tauni azipita okha, inu muzikhala pakhomo. Ndikudziwa kuti simumvera, ndikungolemba kuti mawa musadzanene kuti sindinakuuzeni.

Masiki afika tsopano, imodzi pa sabata. Pageti aikapo mlonda wa kamakina koyezera kutentha pamphumi. Wopezeka thupi latentha amamubweza, ndipo madola 500 aja amathera pomwepo.

Lachinayi ndinafika molawirira. Ndinapeza a Merle ali m'pikapu yawo, magalasi otsitsa kukuzizira choncho, atagwirizira chitini cha soda wozizira pamphumi. Pampando panali botolo la mapiritsi oziziritsa thupi. Nditagogoda anafuna kuyankha, koma chinatuluka ndi chifuwa chochokera pansi, chonga chanu chija.

"Madala, mukudwala inu," ndinatero. "Bwererani kwa mayi a Dot mukagone."

"Ndi fumbi chabe."

"Fumbi lanji lofuna soda pamphumi?"

Anandilozera pageti ndi chibwano. "Ukuiona nkhope iyo? Pansi pake alemba chiyani? Anthu azilowa m'mawa akuwerenga kuti osajomba, mwini wake ali m'bulangete? Iwe mnyamata ndiwe wa kumigodi, ukuzidziwa zimenezi."

Ndinawauza kuti pamzere timaima phewa ndi phewa, kuti Yesenia ali ndi ana atatu ndi mayi ake okalamba m'nyumba imodzi, ndipo chomwe iwo akuchitcha fumbicho sichiwerenga zikwangwani. Zimenezo zinawalasa, ndinaona. Kenako anati avala masiki awiri ndipo apempha kuima kumapeto kwa mzere. Anatsika, n'kupukuta madzi a chitini pamphumi, n'kulunjika pageti. Kamakina kanati ali bwino. Mlonda anawachitira sawasha n'kuwatcha ngwazi yathu.

Ndikanatha kumuuza mlondayo. Sindinamuuze, chifukwa kwathu munthu saneneza mnzake kwa abwana, ndipo amene anandiphunzitsa zimenezo ndi inu. Tsiku lonse ndinadula nyama mtima ukuwira, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Si nkhani ya ndalama ayi. Nyumba yawo anamaliza kulipira kalekale, ana anakula. N'chinsalu chija basi. Kale munthu wouma mutu ngati a Merle ankauma mutu payekha, ndipo zikafika povuta ankatha kugona masiku awiri, odziwa n'kukhala akazi ake okha. Lero amukweza pamwamba pa geti, tauni yonse ikumuona, atsika bwanji? A kuofesi atenga kuuma mutu kwa anthu a nthawi yanu n'kukusandutsa chikwangwani chokokera ena kuntchito. Pa Lachisanu ndinawerenga mapikapu ena anayi muli anthu a zitini pamphumi.

Ndipo ndikawayang'ana a Merle ndimaona inu padenga la a Combs. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo. Ndikudziwa muyankha kuti ndayamba kulankhula ngati mlaliki. Yankhani choncho, bola muyankhe muli pampando, chingwe cha mpweya chili m'mphuno.

Moni kwa Shelby. Nsapato akuzifunazo adikire kumapeto kwa mwezi.

Royce


Iowa, 29 Epulo 2020

Bambo,

Ndili bwino. Ndikhulupirira nanunso muli bwino. Kalatayi ikhala yaifupi.

A Merle anagwa dzulo pamzere, mpeni uli m'manja. Sanafuule, anangokhala pansi ngati munthu wofuna kumanga chingwe cha nsapato, kenako n'kugona chammbali. Lamba anapitirira kuyenda mpaka Yesenia anakadina batani loimitsa yekha. Kapitawo ankati tidikire ambulansi, koma ambulansi masiku ano imabwera mochedwa, ndiye ndinawanyamula n'kuwaika m'pikapu yawo. Ndi opepuka kuposa mmene amaonekera. Potuluka pageti tinadutsa pansi pa nkhope yawo, iwo n'kutseka maso.

M'njira analankhula kamodzi kokha. Anati ndikauze kapitawo kuti alembe zoti anabwera, chifukwa anagwira ntchito mpaka cha m'ma teni.

Kuchipatala sanandilole kulowa, ngakhale mayi a Dot sanawalole. Tinaima panja motalikirana, tikulankhulana mokuwa.

Muuze a Twila aimitse kaye za chinsalu chanu chija. Chifukwa chake sindinena lero.

Mwana wanu,
Royce


Iowa, 12 Meyi 2020

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Pepani kuti ndakhala chete. Za moyo wanga ndinena kumapeto.

A Merle anamwalira Lachitatu lapitali, ali okha, namwino atawagwirizira foni kukhutu kuti amve mawu a mayi a Dot. Kumanda analola anthu khumi basi. Ife a kuntchito tinandanda ndi magalimoto mumsewu, tinayatsa nyali, bokosi likudutsa tinaliza mahutala. Ndi maliro amenewo, bambo. Munthu wa zaka makumi atatu pantchito tamuperekeza ndi mahutala ngati timathamangitsa ng'ombe pamsewu. Mphatso ya ngwazi ija sanalandire, poti anajomba masiku awiri omaliza a mwezi.

Chinsalu chawo anachitsitsa tsiku lomwe anamwalira, akuti anthu ankachita mantha kulowa pansi pake. Yesenia nayenso anadwala koma wadzuka. Mayi ake ndiwo ali m'chipatala. Yesenia sanandifunsepo ngati ndinkadziwa za chitini cha a Merle, ndipo ine sindinamuuze, koma ndikamuona ndimayang'ana pansi.

Fakitale aitseka sabata ino kuti apopere mankhwala, atsegula Lolemba likubwerali. Theka la anthu likuopa kubwerera. Ndiye dzulo Kendra wa kuofesi anandiimbira foni. Musamuone ngati munthu woipa, mtsikanayo analira pa maliro kuposa tonsefe, koma abwana ake amutuma. Akuti pa tsiku lotsegulira kubwera atolankhani a pa kanema, ndipo pageti pakufunika nkhope yatsopano yolimbitsa anthu mtima.

"A Napier, tasankha inu," anatero. "Munanyamula mnzanu m'manja, aliyense anaona. Ndinu ngwazi yathu ya Meyi."

Ndinamufunsa kuti ngwazi ya Epulo ili kuti. Iye anangoti chinsalu asindikiza kale, chithunzi anatenga cha pa chitupa changa. Anawonjezera motsitsa mawu kuti abwana anena poyera: amene saoneka Lolemba popanda kalata ya adokotala, malo ake apatsa wina. Kalata ya adokotala munthu amaipeza akayezedwa, ndipo kuyezedwa kuno akuti ndidikire mpaka sabata ya mawa.

Mukuona mmene zilili. Malo amenewa ndiwo gasi wanu, mankhwala anu, nsapato za Shelby. Migodi ya kwathu inatseka, ndibwerera kukatani? Komanso, kunena zoona, pali kamtima kena kopusa mwa ine kamene kakuti Shelby akadzaona nkhope ya bambo ake pa kanema mwina adzalemba za ine, osati za mnyamata wa pa foni uja. Ndikuchita nazo manyazi koma ndi mmene zilili.

Tsopano za moyo wanga. Kuyambira Lamlungu khofi sakumveka kukoma, ndikungomva kutentha kwake. Usiku ndikusintha malaya kawiri. Kukhosi kuli kanthu kokanda, mwina ndi fumbi. Dzulo ndinapita kusitolo kukagula buledi, pobwera ndinapeza kuti ndagulanso zitini za soda, ndipo ndaziika m'firiji. Mukudziwa kuti ine soda sindimwa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, amatero. Ndawatukwana a Merle mumtima milungu itatu yonse kuti ndi chitsiru, lero ndikuyesa chitini pamphumi kuti ndione ngati chikuzizira mokwanira.

Mukayankha tsiku lomwe mulandire kalatayi, yanu ifika Loweruka. Koma musavutike, ndikudziwa kale zomwe mulembe. Ndinakulira mawu amenewo, ndipo sindikuchititsani manyazi. Lolemba ndikhala pageti.

A Twila musawauze za khofi.

Ndine mwana wanu,
Royce


Iowa, 18 Meyi 2020

Bambo,

Lero ndi Lolemba, dzuwa lili pamutu, ndipo ndikulemba ndili chigonere. Mukhululuke zilembo zokhota. Thupi latentha, koma ndikupuma.

Kalata yanu inafika Loweruka. Ndinaisiya patebulo osatsegula mpaka usiku wa dzulo, chifukwa ndinkati ndikudziwa zomwe zili m'katimo. Malaya a ntchito ndinali nditasita kale. Ndikulemberani mawu anu omwe, kuti tsiku lina musadzakane:

"Gona, chitsiru iwe. Bambo anga atabwerera mumgodi muja ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tauni inapeza ngwazi, ine ndinapeza chikwangwani chamkuwa. Chikwangwani sichinandiphunzitse kumeta ndevu. Shelby asapatsidwe chinsalu. Gona."

Bambo, ndakukwiyirani kwambiri. Zaka makumi anayi mwakhala mukutiuza nkhani ya agogo a Estill pa Khirisimasi iliyonse, chifuwa mutatulutsa, ife tili chete ngati m'tchalitchi. Mbali iyi munkaisunga kuti? Ndili ndi chikuku munandidzutsa kuti ndikadyetse nkhuku. Nditathyoka chala mumgodi munati ndimange ndi tepi. Mwandilera ndi theka la nkhani, theka linalo mwalitulutsa lero nditasita kale malaya. Ndipo ndinkadabwa kuti chinsalu mukuchikaniranji, ndikukulemberani makalata odzudzula ngati ine ndiye wanzeru.

Ndinaiwerenga katatu. Mwamuna salira, ndiye tinene kuti ndi chimfine cha matendawa.

M'mawa ndinamuimbira Kendra kuti sindibwera, ndikudwala. Anati atolankhani afika kale, chinsalu chakwera kale, mwina ndingofika kwa mphindi khumi nditavala masiki, ndiimirire patali n'kubwerera. Ndinamuuza kuti aimirire pansi pa chinsalucho yekha, awauze atolankhani kuti ngwazi ili m'bulangete. Kenako ndinamupempha auze mlonda kuti aziyenda m'malo oimika magalimoto m'mawa, aziyang'ana anthu a zitini pamphumi. Sindinatchule dzina la munthu. Ngati kumeneko n'kuneneza anzanga kwa abwana, ndiye ndaneneza, mudzandikalipire ndikadzabwera.

Yesenia wasiya msuzi wa nkhuku pakhomo, wagogoda n'kuthawira patali. Pawindo anandikuwira kuti, "Achimwene, nkhope yanu pageti ndi yonyansa kwambiri, bola mwakhala kunyumba." Ndinamuuza za chitini cha a Merle, kuti ndinaona koma ndinakhala chete. Anati ankadziwa, chifukwa nayenso anaona. Mayi ake akadali m'chipatala.

Ndalama ya mwezi uno ichepa. A Twila alipire magetsi kaye, zina zidikire. Ndatopa, ndilekeze pano.

Royce


Iowa, 7 Juni 2020

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale nditamva zomwe ndamva sindikudziwa ngati mawu oti bwino akukuyenerani. Ine kuchipatala ananditulutsa Lachisanu. A Twila anakuuzani zina, zotsalazo zisiyeni. Ndachepa thupi, ndipo ndikayenda kuchoka pabedi kufika kukhitchini ndimapumira pakhomo. Adokotala akuti ndikanachedwa masiku ochepa nkhani ikanakhala ina. Anandipatsa botolo la mpweya ngati lanu, ndiye tsopano m'banja mwathu muli awiri.

A Twila andiuza zonse za tsiku lokumbukira asilikali, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Akuti ndalama ya chinsalu anali atalipira kale ndisanawaletse, chithunzi anachita kuba m'kabati yanu, ndipo anaganiza kuti mukachiona chili pamtengo mtima wanu ufewa. M'malo mwake munanyamula makwerero pa pikapu m'mawa wa tsiku la perete, anthu atayamba kale kuika mipando mumsewu, n'kukwera pamtengo wa magetsi pamaso pa tauni yonse kukatsitsa nkhope yanu. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri! Akuti wapolisi anabwera kudzakuletsani, inu n'kumuuza kuti nkhope ndi yanu, iye n'kuthera kukugwirirani makwerero. Akutinso botolo la mpweya munalimangirira kumsana ndi lamba, chingwe chili m'mphuno. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukupemphani kuti muzilivala, inu mwalivala koyamba kuti mukwere nalo pamtengo. Ndilibe mawu, bambo. Ndipo n'zoona kuti chinsalucho mwafolera khola la nkhuku?

Dzulo mayi a Dot anabwera kudzandiona, tinakhala panja motalikirana. A kuofesi anawatumizira chinsalu cha a Merle atachipinda bwinobwino ngati mbendera ya pabokosi la msilikali. Akuti achiika m'galaja, pamwamba pa firiji yakale. "Kutaya sindingathe, ndi nkhope ya amuna anga," anatero. "Kupachika sindingathenso. Ndikachiyang'ana ndimafuna kuwafunsa kuti munkaopa ndani kodi." Ndinawapatsa khofi.

Malo anga anapatsa wina. Kalata ya adokotala inafika, koma akuti inafika mochedwa, ndikafuna ndifunsirenso ntchito ngati munthu watsopano. Sindifunsira. Pageti pali nkhope ina tsopano, ngwazi ya Juni, mnyamata wa ku Burma amene akumwetulira mano onse. Ndamutuma Yesenia kuti akamuuze nkhani ya a Merle yonse, osati theka. Mayi ake a Yesenia anatuluka m'chipatala, akuyenda ndi ndodo.

Shelby wandilembera. Sanatchule za ngwazi iliyonse, wangofunsa kuti ndifika liti ndipo ngati ndingamuphunzitse kuyendetsa pikapu. Mumuuze kuti inde, akangokonza a Combs mpanda wawo uja, chifukwa ndikudziwa komwe akagunde.

Ndinyamuka adokotala akandilola kuyendetsa mtunda wautali, mwina pakati pa mwezi. Musabwere kudzanditenga, ndikubwereza, musabwere, matayala anu ndikuwadziwa. Ntchito ndikafufuza ndikafika, akuti ku sitolo ya matabwa m'tauni akufuna munthu. Sizikwana ngati za kuno, tizidya nyemba ndi chigumu, sitinafe nazo kale.

Pempho langa ndi limodzi. Mutulutse sofa yakale ija m'shedi muiike pakhonde, pafupi ndi mpando wanu. A Twila ndi Shelby anyamule, inu muzingoloza ndi chala. Ndikafika ndikufuna kudzagona pamenepo masana, dzuwa lili pamutu, a Combs akudutsa mumsewu akuona. Inu mudzakhale pampando wanu, chingwe cha mpweya chili m'mphuno, ndipo mukadzangoyamba kuti wa kwa Napier, ndidzakuwerengerani kalata yanu mokweza.

Ndine mwana wanu,
Royce